Giya ili m'dzanja la yani?

Mwezi wathawu mphwathu wina, mwana wa mlongo wathu, adabwera kudzatiwona kuchokera ku Joni kumene wakhala zaka zisanu akugwira ntchito m'sitolo ya zitsulo. Madzulo ena, titangobwerako ku mzikiti, adatipeza pakhonde, nakhala pamphasa mwaulemu, natulutsa foni m'thumba. "Amalume, ndigawireniko nzeru," adatero. Pafoniyo padali zithunzi za galimoto ziwiri za mtundu umodzi, Toyota Altezza, zonse zonyezimira, zofupikira pansi ngati nyalugwe wokonzeka kudumpha. Imodzi idali ya giya yosintha ndi dzanja, imene anyamata amaitcha manyuwo. Inayo idali yosintha yokha magiya, ya otomatiki. Mitengo yake sidasiyane kwenikweni. Funso la mnyamatayo lidali lalifupi: "Nditenge iti?"

Tikadatha kuyankha pomwepo, pakuti nafenso tidagwirako chiwongolero pa unyamata wathu. Koma tidazengereza. Ndalama imene mnyamatayu ankafuna kutulutsa ndi thukuta la zaka zisanu, ndalama yosungidwa pogona anayi m'chipinda chimodzi m'dziko la eni. Ndiponso pansi pa funso lake tidamvapo funso lina lakale kwambiri kuposa galimoto: kodi munthu ayenera kugwira chiyani ndi dzanja lake, ndipo n'chiyani chimene angathe kusiyira wina? Talemba izi chifukwa m'makomo ambiri ozungulira nyanja ya Chilwa, kuyambira kuno ku Swang'oma mpaka ku Kachulu ndi ku Mposa, muli mwana wotere ndi foni yotere.

Tiyambe ndi kumvetsa chinthucho, kuti tingaweruze mlandu tisanaumve. Injini ya galimoto ntchito yake ndi kuzungulira basi. Magiya ndiwo amasandutsa kuzungulirako kukhala mphamvu yokoka kapena liwiro. Giya yoyamba ili ndi mphamvu zambiri koma ndi yochedwa. Giya yomaliza ili ndi liwiro koma singadzutse galimoto pamene yaima. Aliyense amene adapalasapo njinga ya magiya pachitunda akudziwa zimenezi ndi miyendo yake. M'galimoto ya manyuwo, phazi lamanzere limaponda klatchi kuti injini ilekane kaye ndi matayala, dzanja n'kusuntha ndodo ya giya, phazi n'kubwerera pang'onopang'ono. M'galimoto ya otomatiki ntchito yonseyi imachitika m'kati, ndi oyilo wapadera pamodzi ndi kakompyuta kamene kamayeza liwiro ndi kulemera kwa phazi la dalaivala. Woyendetsa amatsala ndi zopondapo ziwiri: chopititsa patsogolo ndi buleki.

Otomatiki si chinthu chadzana. Kampani ya General Motors ku America idayamba kugulitsa galimoto zotere mu 1939. Ku Japan zidafala kwambiri mwakuti mu 1991 boma la kumeneko lidayambitsa laisensi ya anthu oyendetsa otomatiki yokha. Popeza galimoto zambiri zimene timagula kuno ndi zogwirapo kale ntchito ku Japan, zobwera pasitima mpaka ku Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe, otomatiki ndiyo yadzaza misewu yathu. Sienta imene mumakwera popita ku Zomba kawirikawiri ndi ya otomatiki. Manyuwo, imene kale idali ya aliyense, tsopano pa galimoto zing'onozing'ono yasanduka yosowa, ndipo chinthu chikasowa chimayamba kunyaditsa.

Mtima wa mphwathu udali pa manyuwo, ndipo sadabise. "Amalume, otomatiki ndi ya aulesi. Mwamuna ayenera kumva kulira kwa injini, n'kusintha giya yekha." Mawu amenewa sitidawataye, chifukwa muli choonadi china m'menemo. Luso la m'manja ndi mphatso. Msodzi wakale amadziwa ndi chikhatho chake, pogwira chingwe, ngati m'matchera mwalowa mlamba kapena mwangokodwa udzu. Munthu wochita ntchito ndi manja ake maganizo ake amakhala pa ntchitoyo. Dalaivala amene manja ake onse ndi mapazi ake onse ali ndi chochita sapeza dzanja logwirira foni. Amamva galimoto ikamalemedwa pachitunda, amadziwa kuitsitsa pamtsetse ndi giya yotsika osawotcha mabuleki, amadziwa kunyamuka ndi giya yachiwiri pamatope kuti matayala asazungulire pachabe.

Palinso zifukwa za kuno kwathu. Klatchi ikatha, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango ku Migowi kapena ku Jali amaitsitsa n'kuikamo ina. Bokosi la magiya la otomatiki likafa, nthawi zambiri mankhwala ake ndi kukafuna bokosi lina lathunthu ku Limbe kapena ku Ndirande, ndipo mtengo wake umatha kugwetsa munthu. Limafuna oyilo wake weniweni; kuthiramo oyilo wolakwika n'kulipha pang'onopang'ono. Kukoka galimoto yotere ndi chingwe mtunda wautali kumaliwononganso. Ndipo batire likafooka m'mawa wozizira wa mu Juni, manyuwo imadzuka ndi kukankha, pamene otomatiki imangokhala phee kudikira batire lina. Tidaseka ndi mphwathu kuti galimoto yokankha ili ndi ubwino winanso umene opanga ake sadauganizire: mwini wake sanganyoze anthu a pamudzi, pakuti akudziwa kuti tsiku lina adzafuna mapewa awo.

Komabe m'mawu a mnyamatayo mudalinso chinyengo, ndipo chinyengo chobisala m'choonadi ndicho chovuta kuchizula. Iye ankaganiza kuti galimoto ya liwiro iyenera kukhala ya manyuwo. Zimenezo zidali zoona kale. Mu 1989 kampani ya Ferrari idabweretsa pa mipikisano ya Formula One galimoto imene dalaivala ankasintha magiya pongokhudza ndi zala kuseri kwa chiwongolero, ndipo posapita zaka zambiri onse adatsatira. Lero makina amasintha giya mofulumira kuposa dzanja la katswiri aliyense. Choncho wofuna manyuwo sakufuna liwiro kwenikweni. Akufuna kumva mumtima kuti ndiye akulamula. Kufuna kotereku pakokha si tchimo, koma ndi khomo limene kudzikuza kumakonda kulowerapo osagogoda.

Tidzifunse: kodi ntchito imalemekezeka chifukwa chakuti ndi yovuta? Amayi athu adasinja chimanga mumtondo zaka zosawerengeka, ndipo manja awo tiwalemekeze. Koma chigayo chitafika, ndani adaimirira n'kunena kuti mayi wopita kuchigayo ndi waulesi? Makolo athu adawoloka nyanjayi kupita ku Chisi ndi nkhafi ndi nsungwi yokankhira. Boti la injini litabwera, wodwala adayamba kufika kumtunda dzuwa lisanapendeke. Wopalasa nkhafi ali ndi luso lake, koma luso limenelo silimupanga kukhala munthu wabwino kuposa wa injini. Ulemu wa ntchito uli pa chimene ntchitoyo ikutumikira. Thukuta lotulutsidwa kuti anthu aone kuti ife timatha, pamene padali njira yopepuka yothandiza anthu ambiri, ndi thukuta la pagalasi. Ndipo mawu akuti otomatiki ndi ya akazi, amene anyamata amawatchula moseka, ali ndi kunyoza kumene sikuyenera kutuluka m'kamwa mwa munthu wobadwa mwa mkazi.

Tisafulumire kuveka otomatiki chisoti chaufumu. Kupepuka nakonso kuli ndi msampha wake. Munthu akachotseredwa ntchito amayamba kuganiza kuti wachotseredwanso udindo. Mnyamata amaphunzira kuyendetsa otomatiki masana amodzi pabwalo la mpira, mawa lake n'kudzitcha dalaivala. Sadaphunzire kuyeza mtunda ndi maso, sadaphunzire kuopa. Dzanja limene lamasulidwa ku giya limapita pafoni. Phazi losazolowera, pakagwa zadzidzidzi, limaponda chopititsa patsogolo m'malo mwa buleki. Makina angathe kusankha giya yoyenera, koma sangadziwe kuti kuseri kwa ngolo yaima apoyo kuli mwana amene akufuna kuwoloka. Apa mpamene pali yankho la funso lakale lija. Ntchito tingathe kuisiyira makina, kuisiyira wantchito, kuisiyira mwana. Udindo sitingausiyire aliyense. Kaya giya ikusinthidwa ndi dzanja, kaya ndi kompyuta, wofunsidwa pa tsiku la ngozi, pamaso pa anthu ndi pamaso pa Mulungu, ndi yemwe adakhala pachiwongolero.

Tili m'kati mokambirana izi, mlongo wathu, mayi wa mnyamatayo, adali chapatali pang'ono akupeta mpunga. Tinkayesa sakumva. Adaika lichero pansi, nafunsa mosakweza mawu: "Nanga iwe ukabwerera ku Joni, galimotoyo azidzayendetsa ndani?" Pakhonde padati zii. Ife amuna awiri tidatha nthawi yaitali tikukangana za dzanja la dalaivala, osafunsa n'komwe kuti dalaivalayo ndani.

Kumudzi galimoto sikhala ya munthu mmodzi, ngakhale mapepala ake atalembedwa dzina limodzi. Galimoto yoyamba m'banja ndiyo ambulansi ya mudzi wonse. Pakati pa usiku anthu adzagogoda kuti mayi wapakati nthawi yake yakwana, kuti agogo akubanika, kuti mwana walumidwa ndi njoka. Idzanyamula akuluakulu kupita kumaliro kutsidya la mtsinje wa Phalombe, idzanyamula mkwatibwi, idzanyamula matumba a mpunga ndi nyama ya pa Eid yopita kwa achibale. Wogula galimoto kuno amagula pamodzi ndi kugogoda kumeneko, afune asafune. Angathe kukana kutsegula chitseko, koma adzakhala akukana akudziwa kuti kiyi ili m'thumba mwake.

Tikayeza ndi muyeso umenewu, mkangano wa manyuwo ndi otomatiki umasintha nkhope. Galimoto imene munthu mmodzi yekha pakhomo angathe kuiyendetsa imaima pamene munthuyo palibe. Idzakhala pansi pa mtengo, yofunditsidwa lona, pamene wodwala akunyamulidwa pa kabaza kupita kuchipatala ku Migowi kapena ku Holy Family. Mkazi wa mphwathu angaphunzire otomatiki msanga, n'kukatenga laisensi mwalamulo. Bambo wokalamba wa bondo lamanzere lowawa angayendetsebe otomatiki, pamene klatchi ingamulepheretse. Kumbali inayo, ngati pamudzi pali kale dalaivala wokhulupirika wozolowera malole a nsomba, ndipo makaniko wapafupi amadziwa klatchi kuposa kompyuta, manyuwo ingakhale ndiyo yosamala anthu. Ku South Africa kumene mnyamatayu amakhala, wotenga laisensi pa otomatiki saloledwa kuyendetsa manyuwo, pamene wa manyuwo amayendetsa zonse. Ndi nzeru kuphunzira yovutayo, ngakhale udzagule yopepukayo. Koma palibe mwa ziwirizi imene ili yoyera mwa iyo yokha. Yankho lili mwa anthu a pakhomo ndi mwa makaniko wa pafupi, osati m'kunyada kwa mwini ndalama.

Funso la mlongo wathu lidatsegula funso linanso lalikulu, limene mphwathu sadabwere nalo chifukwa ankaliyesa lotha kale: n'chifukwa chiyani galimoto ya liwiro? Galimoto yotere imapangidwa yofupikira pansi kuti isagwedezeke pokhota, ndipo matayala ake amakhala opyapyala m'mbali kuti agwire phula mwamphamvu. Zonsezi n'zabwino pamsewu wosalala. Msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka ku Chitakale tidaudikira zaka zambiri, ndipo tikuthokoza kuti phula lidafika. Koma ife sitikhala paphula. Wopita kunyanja amapatuka n'kulowa m'dothi la makande, limene m'chilimwe limang'ambika ngati chidendene, ndipo m'dzinja limagwira tayala ngati ulimbo. Malole a nsomba ndi ngolo amakumba mikwasa iwiri yakuya n'kusiya msana pakati. Galimoto yofupika mimba yake imakhala pamsana pamenepo, matayala n'kumazungulira m'malere. Mwala umodzi ungaboole poto wa oyilo pansi pa injini, ulendo n'kuthera pomwepo.

Ndipo ife a ku Phalombe timawadziwa madzi. Akuluakulu akukumbukira napolo wa mu Marichi 1991 amene adatsika m'phiri la Michesi. Ana omwe akukumbukira namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene misewu idaduka ndipo midzi ina idakhala masiku osafikika. Nthawi imene galimoto imafunika kwambiri, nthawi ya malungo ndi kolera, ndiyo nthawi yomweyo imene msewu umaipitsitsa. Galimoto yosatha kufika pakhomo la mayi wako mu Febuluwale ndi galimoto ya miyezi ya dzuwa, ndipo matenda sawerenga kalendala.

Tiyerekeze tsopano kuti yafika paphula, pamene idapangidwira. Apa mpamene nkhaniyi imasiya kukhala ya ndalama n'kukhala ya moyo. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akaona chinthu, phazi lisanafike n'komwe pa buleki, wadutsa kale nyumba zingapo. Ndipo ukawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi. Limeneli ndi lamulo la chilengedwe, silisamala kuti galimoto ndi ya manyuwo kapena ya otomatiki, kapena kuti dalaivala ndi katswiri.

Nanga pamsewu wathu pamayenda ndani? Pamayenda wanjinga wonyamula madengu a matemba otambalala kuposa mapewa ake. Pamayenda ana ochokera kumadrasa, akukankhana ndi kuseka. Pamayenda mayi wosenza nkhuni amene sangatembenuze khosi msanga, mbuzi zosadziwa malamulo, ndi khamu la tsiku la msika ku Chiringa. Wothamanga pakati pa anthu amenewa amatenga chisangalalo chonse yekha, koma ngozi amaigawira anthu amene sadawafunse. Mwana wakumadrasa sadavomere kulowa nawo masewerawo. Munthu ali ndi ufulu wodya ndalama yake, koma alibe ufulu wobetcha moyo wa mwana wa mnzake. Ndipo tisadzinamize kuti tidzagula galimoto ya liwiro n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono. Injini yotere imaitana phazi. Wosunga fisi m'khola la mbuzi asamadalire kwambiri ulemu wa fisiyo.

Pano wina angatiyese okalamba odana ndi chisangalalo. Ayi ndithu. Kukonda liwiro kuli m'magazi a munthu. Anyamata athu amapikisana pamabwato ndi panjinga, ndipo nafenso tidachita zomwezo. Chinthu chopangidwa mwaluso chimakondweretsa maso, ndipo kuyamikira ntchito yabwino si mlandu. Mabuku a Hadith amatiuza kuti pa nthawi ya Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, kunkachitika mipikisano ya akavalo ndi ngamira, ndipo iye mwini adali ndi ngamira yotchedwa Al-Adba imene sinkapitiriridwa. Tsiku lina munthu wa kuchipululu adabwera ndi ngamira yaing'ono n'kuipitirira. Maswahaba zidawapweteka mtima, koma mwini ngamirayo sadakhumudwe. Adangowakumbutsa kuti m'dziko lino palibe chokwera chimene sichidzatsika. Tionepo zinthu ziwiri. Mpikisano udali ndi malo ake, ndipo olowamo adali ovomera okha. Ndipo mwini chinthu chothamanga sadamangirire ulemu wake pa liwiro la chinthucho.

Phunziro la kukwera ndi kutsika ife sitifunika kulifuna kutali. Nyanja yathu ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Imadalira mvula ndi mitsinje yothiramo monga Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tidaona ndi maso athu mabwato atagona pamatope ong'ambika, kutali ndi madzi. Pa zaka za matemba ambiri ndalama imayenda padoko ngati mchenga, ndipo munthu amaiwala kuti madzi amathawa. Anzeru a kuno ndi amene pa chaka chabwino ankagula malata, ng'ombe kapena dimba, chifukwa ankadziwa nyanja imene akudyamo. Ndalama ya ku Joni nayonso ndi nyanja ya mtundu womwewo. Imadalira chiphaso, imadalira bwana, imadalira mtendere wa eni dziko. Mu 2008 ndi mu 2015 tidalandira abale athu atabwera pamabasi, ena ndi kachikwama kokha, pothawa ziwawa zochitira alendo.

Galimoto ikagulidwa siyima kudya. Isanalowe n'komwe m'dziko pali msonkho, umene umakwera galimoto ikakhala yakale ndiponso injini ikakhala yaikulu. Altezza idasiya kupangidwa mu 2005, choncho ngakhale yonyezimira bwanji pafoni, ndi nkhalamba yodzola mafuta. Pambuyo pake pali inshuwalansi, matayala, oyilo ndi petulo, ndipo injini ya liwiro ili ndi ludzu. Masipeya amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya zonsezi idalumpha. Tagonanso pamizere ya mafuta kokwanira kuti tidziwe kuti galimoto yomwa pang'ono ndiyo imafika kunyumba. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wolira galimoto ya liwiro awerengere matope ake asanatulutse ndalama, makamaka ngati kuigula kudzafuna ngongole ya katapira, imene ndi dzenje lina pa lokha.

Koma tisamuunjikire mlandu wonse mnyamata. Ifenso tili ndi gawo lathu. Ndani adamuphunzitsa kuti wobwera ku Joni ayenera kuonekera? Ndife. Mwana akabwera ndi galimoto yolira mwaukali, mudzi wonse umatuluka, amayi amalulutira, ana amaithamangira, ndipo ife akuluakulu timamupatsa mpando wakutsogolo. Mnzake wobwera mwakachetechete pa minibasi, amene ndalama yake yapita ku fizi ya azing'ono ake ndi ku mpope wothirira dimba, timamupatsa moni wamba, mwinanso kumunong'ona kuti zidamukanika. Mwana amagula chimene makolo ake amachiwombera m'manja. Ngati tikufuna kuti ana athu asankhe mwanzeru, tiyambe ndife kusintha chimene timalulutira.

N'chifukwa chake kuyeza niya, cholinga chenicheni cha mumtima, kuli kofunika ngakhale pa nkhani ya zitsulo. Munthu adzifunse yekha, popanda womuona: kodi galimoto iyi ndikadaifunabe pakadakhala kuti palibe wondiona ndikuiyendetsa? Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti akukonda chinthucho, ndipo chotsala ndi kuyeza ngati thumba lake, msewu wake ndi anthu ake angachisenze. Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti sakugula galimoto, akugula maso a anthu, ndipo maso a anthu ndi katundu wokwera mtengo amene sakhalitsa. Chaka chamawa mwana wa kwa aneba adzabwera ndi ina yolira kwambiri, maso onse n'kutembenukira kumeneko.

Mphwathu sitidamuletse. Ndalama ndi yake, ndipo ndi munthu wamkulu wa pabanja. Chimene tidachita n'chakuti m'mawa mwake, kutagwa mvula usiku, tidamupempha kuti atiperekeze wapansi kuchokera pakhomo la mayi wake kulowera kumsewu waukulu. Tidatenga kamtengo, ndipo pa mkwasa uliwonse waukulu tidamupatsa kuti ayeze yekha kuya kwake. Pamalo ena kamtengoko kadalowa mpaka kupitirira chikhatho chotambasula kawiri. Tidakumana ndi wakabaza akukankha njinga, atanyamula mayi wofunda chitenje kumutu, wooneka kuti sadagone. Mnyamatayo adapatuka kuwapatsa njira, nawayang'ana mpaka adakhota. Sadalankhule zambiri pobwerera, ndipo ifenso sitidawonjezere mawu.

Wabwerera ku Joni asanagule kanthu. Mkazi wake wayamba kupita ku Zomba kukaphunzira kuyendetsa, ndipo akuphunzira pa manyuwo, akuti kuti asadzasowe chochita pa galimoto iliyonse. Sabata yatha foni yathu idalira usiku. Padali zithunzi ziwiri za galimoto ina, yaitali miyendo, ya mipando yambiri, yosakongola kwenikweni. Imodzi ya manyuwo, ina ya otomatiki. Pansi pake padalembedwa funso lomwe lija: "Amalume, nditenge iti?" Tidamuyankha kuti afunse mayi wa kunyumba kwake amene azidzaiyendetsa, ndi makaniko wa ku Migowi amene azidzaikonza, ndipo chimene awiriwo agwirizane ifenso tavomera. Mlongo wathu akuti chithunzi cha Altezza ija chikadali pankhope ya foni ya mwana wake. Tidamuuza kuti amusiye nacho. Chithunzi sichimwa petulo, ndipo sichinagundepo mwana wa munthu.